Mtchona wa ku Cork amene anafa m'mawa wa tsiku loti nkhondo ithe

Kwathu kuno munthu akapita ku Joni kapena ku Harare n'kukhala zaka osabwera timati watchona, ndipo mtchona akafera komweko pamakhala funso lovuta lija loti maliro amenewa ndi a ndani kwenikweni, a kumudzi komwe anabadwira kapena a kuchilendo komwe anakalambira. Ndiye nkhani ndikufuna ndikambe lero ndi ya mtchona wa mtundu wina, mzungu wa ku Ireland dzina lake Thomas Alfred Smyth, amene anachoka kwawo ali mnyamata wa zaka 21 n'kukafera nkhondo yapachiweniweni ya eni ake ku America, ya pakati pa maboma a kumpoto ndi a kummwera, ndipo sanafe pompo ayi, anavutika ndi bala masiku awiri n'kutsirizika pa 9 Epulo 1865, tsiku lomwelo limene mkulu wa asilikali a kummwera Robert E. Lee anaimika manja m'mwamba. Kungoti maola ochepa chabe, akanamva kuti zatha.

Tiyambe ndi chimene chinkathamangitsa anthu ku Ireland, chifukwa popanda chimenecho simungamvetse kuti zinatheka bwanji kuti anthu obadwira pa kachilumba kakang'ono adzaze magulu ankhondo a dziko lina. Mbatata ya kachewere ija timaitchula kuti airishi pa msika wa Tsangano kapena pa Bembeke, dzinalo silinangogwa kumwamba. Anthu osauka a ku Ireland ankadalira mbatata imeneyi ngati m'mene ife timadalirira chimanga, m'mawa mbatata masana mbatata madzulo mbatata, chifukwa minda yabwino inali m'manja mwa eni malo olemera, ambiri a iwo okhala ku England, ndipo mlimi wamba ankangobwereka kamunda n'kumalipira lendi, tirigu ndi ziweto zimapita kolipira lendiyo, iye ndi ana ake n'kumadya mbatata. Amene munamvako za thangata ku ma esiteti a ku Thyolo ndi Chiradzulu simungadabwe kwambiri ndi moyo umenewu. Mu 1845 kunabwera chiwawu cha mbatata, munda wonse kuda masamba n'kuwolera pansi, ndipo chinabwereza chaka ndi chaka, 1847 ndiye inali yoopsa zedi. Pofika cha m'ma 1852 anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atafa ndi njala komanso matenda, ena oposa 1 miliyoni atathawa, m'dziko limene linali ndi anthu oposa 8 miliyoni. Chokwiyitsa n'choti chakudya china chinkatulukabe m'madoko kupita ku Britain anthu akufa, ndipo mkwiyo umenewu anthu anaunyamula m'sitima kupita nawo ku America, muusunge chifukwa tikumana nawonso kutsogoloku.

Smyth anabadwa pa Khirisimasi, 25 Disembala 1832, ku Ballyhooly m'chigawo cha Cork, mwana wa mlimi, ndiye kuti njala ija inamupeza ali ndi zaka 12 kapena 13, ndipo Cork ndi amodzi mwa madera amene anakhaula kwambiri. Iye sanathawe nthawi ya njala yeniyeniyo, anachoka mu 1854, koma ulendo wa anthu sunaleke njala itatha, unangosanduka chizolowezi, wina akafika New York kapena Boston amatumiza ndalama ya tikiti kuti mng'ono wake atsatire, ndendende m'mene anyamata a ku Mangochi kapena ku Mzimba amakokerana ku South Africa. Anafikira ku Philadelphia n'kuyamba ntchito yosemasema matabwa komanso kupanga ngolo za akavalo, ndipo zolembedwa za moyo wake zimati anapitako ku Nicaragua ndi gulu la William Walker, mkulu wina wa ku America amene ankafuna kulanda dzikolo ndi kagulu ka anthu a mfuti, zimene zikungoonetsa kuti mnyamatayu mtima wa zankhondo anali nawo kale. Mu 1858 anakakhazikika ku Wilmington, m'boma la Delaware, n'kumapitiriza za ngolo zomwezo. Basi, munthu wa manja ake, osati wa sukulu ya usilikali.

Musaganize kuti a ku Ireland ankalandiridwa ndi nthungululu ku America. Mu 1844 ku Philadelphia komweko anthu odana ndi obwera anawotcha matchalitchi awiri a Katolika, ndipo m'zaka za m'ma 1850 kunali chipani chonse chimene anthu ankachitchula kuti Know Nothing chimene mfundo yake yaikulu inali yoti obwera, makamaka Akatolika a ku Ireland, asapatsidwe mphamvu. Ntchito zimene ankapeza zinali zokumba ngalande, kuyala njanji, kutsitsa katundu padoko, atsikana kukagwira m'nyumba za mabwana. Ndiye nkhondo yapachiweniweni itabuka mu Epulo 1861 pakati pa maboma a kumpoto, otchedwa Union, ndi a kummwera amene ankafuna kudzipatula kuti asunge ukapolo, mtchona wa ku Ireland anali ndi zifukwa zingapo zolembetsera ndipo sizinali zonse zokongola. Ena inali ndalama basi, madola 13 pamwezi kwa msilikali wamba kuphatikiza ya bonasi polowa, kwa munthu wa maganyu imeneyo inali ndalama yodalirika yoti n'kutumizako kwa amayi. Ena ankafuna aonetse eni dziko kuti ifenso ndife nzika, onani tikukhetsa magazi. Ena ankakhulupiriradi kuti dziko limene linawalandira lisagawike. Ndipo enanso, apa ndi pamene mkwiyo uja ukubwerera, ankati tiyeni tikaphunzire kugwira mfuti kuno kenako tikamasule Ireland kwa Angerezi. Gulu la maganizo amenewa linkatchedwa Fenian Brotherhood, analiyambitsa John O'Mahony ku New York mu 1858, ndipo Smyth anali membala wake wamkulu ndithu pakati pa asilikali. Onse pamodzi, obadwira ku Ireland amene anavala yunifomu ya kumpoto anali osachepera 150,000, ndipo ena cha m'ma 20,000 anamenyera kummwera.

Apa ndisabise, chifukwa anthu akamakumbukira ngwazi amakonda kupukuta zonyansa. A ku Ireland ambiri ku America sankamenyera kuti akapolo amasulidwe, ambiri ankaopa kuti anthu akuda akamasuka adzawalanda timaganyu tomwe tija. Mu Julayi 1863 boma litayamba kulemba anthu usilikali mokakamiza, koma n'kulola kuti amene ali ndi madola 300 adziwombole, ku New York kunabuka chipwirikiti cha masiku anayi, ambiri mwa ochita ziwawa anali a ku Ireland, ndipo m'malo molimbana ndi olemera okhawo anatembenukira anthu akuda, kupha ena mumsewu mpaka kuwotcha nyumba yosungira ana amasiye achikuda. Anthu oposa 100 anafa. Ndiye mtundu womwewo umene unkafa mwaunyinji ku nkhondo yothetsa ukapolo unkachitanso zimenezi kumbuyo, zonse ziwiri n'zoona ndipo ine sindiona chifukwa chosankhapo chimodzi. Komanso taonani izi, Patrick Cleburne, mmodzi mwa akuluakulu ankhondo ochenjera kwambiri a kummwera, anali wa ku Cork komweko ngati Smyth, anaphedwa ku Franklin mu Novembala 1864, ana a chigawo chimodzi kumenyana mbali ziwiri pa nkhondo ya dziko la eni.

Tibwerere kwa Smyth. Nkhondo itangoyamba anasonkhanitsa kagulu ka anthu n'kulowa nako mu 24th Pennsylvania, gulu lodzaza ndi a ku Ireland limene linalembedwa kwa miyezi itatu yokha chifukwa aliyense ankaganiza kuti nkhondoyo ndi ya masabata ochepa, iye ali kaputeni. Miyezi itatu itatha analowa mu 1st Delaware ngati Major, ndipo Delaware yo inali boma lachilendo, ukapolo unali wololedwa koma silinadzipatule. Kuchoka apo ndiye anadutsa m'moto weniweni. Ku Antietam pa 17 Seputembala 1862, tsiku limene anthu pafupifupi 23,000 anafa, kuvulala kapena kusowa dzuwa lisanalowe, gulu lake linatumizidwa kukaukira kamsewu kena kolowa pansi kamene adani anabisalamo ngati m'ngalande, ndipo pa anthu atatu alionse mmodzi anagwa. Kenako nkhondo ya ku Fredericksburg, kenako ya ku Chancellorsville, iye akukwera udindo mpaka Colonel kumayambiriro kwa 1863. Ku Gettysburg mu Julayi 1863 anali akutsogolera brigedi yonse, gulu lalikulu lophatikiza magulu angapo a asilikali, ndipo pa tsiku lachitatu pamene asilikali a kummwera oposa 12,000 anayenda pa dambo loyera kubwera molunjika, chimene chimatchedwa Pickett's Charge, anyamata ake anali kuseri kwa kampanda ka miyala kumene funde limenelo linadzasweka. Tsiku limenelo anavulala kumaso ndi chiduswa cha bomba la mzinga koma anachira n'kubwerera. Mu 1864 anatsogolerako kwa kanthawi gulu lotchuka lija la Irish Brigade, la mbendera zobiriwira, limene Thomas Francis Meagher analiyambitsa, ndipo ujenerali anamupatsa mochedwa, mu Okutobala 1864, munthu atagwira kale ntchito ya jenerali kwa chaka ndi miyezi. Wopanga ngolo wopanda achibale m'boma, mukudziwa m'mene pulomoshoni imayendera.

Tsopano sabata yomaliza. Kumayambiriro kwa Epulo 1865 mizere ya Lee ku Petersburg inasweka, likulu lawo Richmond linagwa pa 3 Epulo, ndipo asilikali ake anjala anayamba kuthawa cha kumadzulo, a kumpoto ali pambuyo ngati agalu pa gwape wovulala. Pa 6 Epulo ku Sailor's Creek Lee anataya anthu masauzande, ambiri ogwidwa. Pa 7 Epulo m'mawa a kummwera anayesa kuwotcha milatho ya pa High Bridge pa mtsinje wa Appomattox kuti owathamangitsa asawoloke koma anachedwa, asilikali a kumpoto anazimitsa moto pa kamlatho ka ngolo n'kuwoloka, brigedi ya Smyth ili kutsogolo kulowera ku tauni ya Farmville. Iye anali ndi chizolowezi chokwera kavalo kutsogolo kwenikweni, pamzere wa anyamata oyamba kuwomberana ndi adani, malo amene jenerali sankafunikira kukhalapo, ndipo pamenepo ndi pamene katswiri wina wolasa patali anamupeza. Chipolopolo chinalowera kumaso cha kukamwa n'kukaphwanya fupa la khosi, anagwa pa kavalo thupi lonse litafa ziwalo koma mutu ukugwira, akudziwa zimene zikuchitika. Anamunyamula, kenako kumuika mu ambulansi ya masiku amenewo, imene inali ngolo ya akavalo yogwedera m'misewu ya matope, kulowera ku Burkeville kumene kunali njanji ndi chipatala, koma anafooka panjira n'kumulowetsa m'nyumba ya anthu, momwemo ndi m'mene anamwalira m'mawa wa pa 9 Epulo, Lamulungu la kanjedza, ali ndi zaka 32. Masana ake Lee anakumana ndi Ulysses Grant, mkulu wa asilikali a kumpoto, m'nyumba ya Wilmer McLean ku Appomattox Court House n'kusainira kugonja. Smyth ndiye jenerali womaliza wa kumpoto kufa ndi chipolopolo pa nkhondo imeneyo.

Mawu oti anafa ndi mabala ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa m'mabuku ankhondo ndi gulu lapadera, losiyana ndi ophedwa pompo, ndipo anthu timangowerenga n'kudutsa ngati n'chimodzimodzi. Kumbali ya kumpoto kokha, ophedwa pabwalo la nkhondo anali cha m'ma 67,000, ofa pambuyo pake ndi mabala cha m'ma 43,000, ndipo ofa ndi matenda ngati kamwazi, kutsegula m'mimba, tayifodi ndi chibayo anali cha m'ma 200,000, kutanthauza kuti chimbudzi choipa cha mu kampu chinapha anthu ambiri kuposa mfuti. Nkhondo yonse mbali zonse ziwiri inadya anthu osachepera 620,000, akatswiri ena pano amati mwina 750,000. Koma a 43,000 aja ndi amene amandikhudza, chifukwa amenewa anali ndi nthawi yodziwa kuti akufa, ena masiku awiri ngati Smyth, ena sabata zitatu, ena miyezi.

Vuto linali chipolopolo chake. Chinkatchedwa Minié, cha mtovu wofewa, chonenepa pafupifupi mamilimita 15 ndipo cholemera kuposa magalamu 30, ndiye chikagunda fupa sichinkaboola bwinobwino n'kutuluka ayi, chinkaphwatalala n'kuliphwanya fupalo tizidutswatizidutswa, uku chikukokera m'kati nsanza za yunifomu ndi dothi. Dokotala akaona mkono kapena mwendo wotero panalibe zolumikiza, kunali kudula basi, ndipo kumpoto kokha anadula ziwalo pafupifupi 30,000, mwa odulidwawo mmodzi pa anayi alionse n'kufabe. Anthu amakonda kunena kuti ankadula munthu ali maso akuluma chipolopolo, zimenezo n'zokokomeza, mankhwala ogonetsa a chloroform ndi ether analipo ndipo ankagwiritsidwa ntchito pa maopaleshoni ambiri. Chimene kunalibe ndi chidziwitso cha tizilombo toyambitsa matenda. Joseph Lister anafalitsa njira yake yophera tizilombo pa opaleshoni mu 1867, nkhondo itatha zaka ziwiri, ndiye dokotala ankapisa chala m'bala la uyu n'kupisanso la winayo, mpeni kungoupukuta pa epuloni, chinkhupule chimodzi m'ndowa imodzi tsiku lonse, ndipo mafinya akayamba kutuluka ankati bala likuchira. Munthu amatha kuoneka ngati wapulumuka, kulembera kalata kunyumba kuti musadandaule ndili bwino, patapita masiku khumi kutentha thupi, kunjenjemera, magazi aipa, wapita. Wolasidwa m'mimba kapena pamsana ndiye madokotala ankangomupatsa mankhwala opha ululu n'kumuika pambali. Bala ngati la Smyth, msana utaduka m'khosi, ngakhale lero ndi nkhani ya ICU ndi makina opumira, mu 1865 panalibe chochita.

Komabe kufa pang'onopang'ono kunali ndi kamwayi kamodzi kowawa, kakuti dzina lako limadziwika. Nthawi imeneyo asilikali sankapatsidwa tizitsulo ta mayina tovala m'khosi, ena ankadzigulira okha, ena asanalowe pa nkhondo yoopsa ankalemba dzina pa kapepala n'kumata ndi phini pa jekete. Wophedwa pompo pa malo amene gulu lake lathawa ankakwiriridwa m'dzenje limodzi ndi anzake, ndipo manda ambirimbiri a nkhondo imeneyi angolembedwa kuti wosadziwika. Koma amene wafera m'chipatala amakhala kuti analembedwa m'kaundula, nesi kapena wansembe kapena mnzake wa bedi loyandikana amalemba kalata kwa mkazi wake kapena mayi ake kufotokoza m'mene anafera, ngati analandira masakramenti, mawu amene ananena. Kwa mayi wa Chikatolika ku Cork kapena ku Galway funso loti kodi wansembe anafika linali lalikulu kuposa loti kodi nkhondoyo anapambana ndani. Ife amene timafunsa kuti kodi anasiya mawu, tikuzimvetsa zimenezi. Ndipo anthu a ku Ireland pa nkhani ya maliro ali ngati ife ndithu, amachezera usiku wonse ndi mtembo m'nyumba, moti munthu akamanyamuka kupita ku America ankamuchitira mchezo ngati wa maliro usiku woti mawa akwera sitima, chifukwa aliyense ankadziwa kuti nkhope imeneyi sitidzaionanso. Maliro a mtchona ankalira iye ali moyo.

Nanga Smyth anakumbukiridwa bwanji? Apa tsoka linamutsatanso. Nkhani ya imfa yake inafika m'manyuzipepala pamodzi ndi ya kugonja kwa Lee, mabelu akulira m'matauni anthu akuvina m'misewu, ndani akanaima kuti alire jenerali mmodzi wa brigedi. Patangopita masiku asanu, pa 14 Epulo, Lachisanu Loyera, Pulezidenti Abraham Lincoln anawomberedwa ku Ford's Theatre n'kumwalira m'mawa mwake, dziko lonse linalowa m'maliro amodzi aakulu amene anameza ena onse. Thupi la Smyth linapita ku Wilmington, osati ku Ballyhooly, ndipo lili ku manda a Wilmington and Brandywine mpaka lero, boma linamuwonjezera ulemu wa Major General atafa kale, ndipo dokotala wa gulu lake David Maull analemba kabuku ka moyo wake kamene kanatuluka mu 1870. Ndiye iye ali ndi mwayi, ali ndi manda odziwika, chiliza, buku, zithunzi. Koma funsani munthu wamba ku America za akuluakulu a ku Ireland pa nkhondo ija, akadziwapo ndiye atchula Meagher, amene anali katswiri pakamwa ndipo ali ndi zipilala zokwera kavalo ku Helena ku Montana komanso kwawo ku Waterford, chikhalirecho pa ntchito yeniyeni yoyendetsa asilikali ine ndimaona kuti Smyth anali patsogolo. Mbiri imakonda olankhula.

A Fenian aja nawo anataya munthu amene ankamuwerengera. Maloto awo oti asilikali ozolowera nkhondo akamasule Ireland anathera pa kuukira Canada mu 1866, kumene anapambana kankhondo kamodzi ku Ridgeway n'kubwerera, ndi kuwukira kwa 1867 ku Ireland komwe kunazima ngati moto wa mapesi. Ndipo Ireland itapeza boma lakelake mu 1922, anthu amene ankawaimbira nyimbo ndi kuwamangira zipilala anali ofera Ireland pa nthaka ya Ireland, amene anaukira Angerezi mu 1798 ndi mu 1916. Amene anafera mbendera ya dziko lina analibe malo enieni, ngakhale amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse atavala yunifomu ya Britain, anthu masauzande makumi angapo, anakhala zaka zambiri akutchulidwa monong'ona, mpaka mu 1998 pamene Pulezidenti wa Ireland Mary McAleese anaima limodzi ndi Mfumukazi Elizabeth II kutsegulira nsanja yowakumbukira ku Messines ku Belgium. Ndiye mtchona wa ku America anagwa pakati, ku America ndi mu Irish, ku Ireland ndi nkhani ya ku America. Chokumbukira chachikulu chili kutsidya komweko, ngati mtanda wa chi Celtic wa Irish Brigade ku Gettysburg umene anauimika mu 1888, pansi pake pali galu wamkulu wosaka mimbulu atagona ngati akudikira mbuye wake.

Pali kanthu kena kamene kanandidabwitsa nditayang'ana mapu. Lee pothawa muja ankalowera cha ku Lynchburg, tauni imene ili makilomita osakwana 40 kuchokera pa Appomattox, ndipo Lynchburg yomweyo ndi kumene John Chilembwe anakaphunzira ubusa atapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, pa sukulu ya anthu akuda imene sikanakhalapo ukapolo ukanapambana. Chilembwe yemweyo ndi amene kumapeto kwa 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akutengedwa kukafera nkhondo imene si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana opanda chowathandiza. Sindikunena kuti asikali a KAR (King's African Rifles) ndi a mtengatenga anali ngati a ku Ireland aja, kusiyana kulipo kwakukulu, a ku Ireland ambiri analowa mwakufuna kwawo ndipo pamapeto pake anapeza unzika ndi voti, pamene agogo athu anabwerako ndi mamendulo n'kupitiriza kukhoma msonkho. Koma amene anaimapo pa chipilala cha KAR ku Zomba n'kuwerenga mayina aja, n'kudzifunsa kuti nanga onyamula katundu amene anafera m'njira za ku Tanganyika alembedwa pati, akudziwa kuti kukumbukira kumatsata udindo ndi pepala.

Pepalalo ndi limene lapulumutsa asilikali wamba a ku Ireland, mwangozi. Mu Julayi 1862 boma la America linakhazikitsa lamulo la penshoni, mkazi wa msilikali wamba wofera ku nkhondo azilandira madola 8 pamwezi mpaka atakwatiwanso, ndipo ngati mnyamatayo sanakwatire, mayi ake amatha kulandira bola aonetse umboni kuti ankadalira iyeyo. Ndalamayi inkatha kutumizidwa ngakhale kunja, ndiye panali agogo ena m'midzi ya ku Ireland amene sanaiwonepo America koma ankalandira penshoni ya boma la America. Koma kuti upeze unkafunika umboni, ndipo mukudziwa m'mene maofesi amachitira ndi chipukuta misozi, amene munatsatirako ndalama za a Wenela kapena Theba simufunika kuuzidwa. Mkazi abweretse umboni wa ukwati, wansembe wa parishi akopere m'kaundula wa ubatizo wa ana, aneba awiri alumbire kuti inde tikumudziwa sanakwatiwenso, dokotala kapena ofisala atsimikize kuti balalo linapezeka pa ntchito. Mayi woti aonetse kuti mwana ankamuthandiza analibe risiti, chimene anali nacho ndi makalata a mwanayo, aja olembedwa ku kampu oti amayi ndatumiza madola khumi mulipire lendi, ndiye ankawapereka ku ofesi ngati umboni, makalata omaliza a mwana wake, ndipo ofesi sinkabweza.

Makalata amenewo alipobe m'mafayilo ku National Archives ku Washington, ndipo ofufuza mbiri masiku ano akamawatsegula ndi m'mene akupezera mudzi umene munthu anachokera, dzina la mayi ake, sitima inamusiya kuti, anali ndi ngongole kwa ndani, bala linali pati ndipo anakhala nalo masiku angati. Anthu amene sanalembedwe m'buku lililonse akupezeka chifukwa mayi wina anafunitsitsa madola 8. Ambiri mwa amayiwo sankadziwa kulemba, ena Chingerezi chomwe chinali chovuta chifukwa chilankhulo chawo chinali chi Irish, ndiye pansi pa chikalata cholumbira kalaliki amalemba dzina lawo n'kusiya kampata pakati, iwo n'kugwira cholembera kuika X.